Khomo Lomwe Tinaboolera Abambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene tinaboola khoma la nyumba yathu ku Chilomoni. Kunena chilungamo, sindinasangalalepo ndi fumbi ngati mmene ndinasangalalira masiku amenewo, ngakhale chomwe chinatigwiritsa ntchitoyo sichinali chosangalatsa ayi.

Nyumba yathu inali m'mbali mwa phiri, monga zilili nyumba zambiri kumeneko. Kumaso kwake kunali masitepe aatali, opendekeka, moti alendo ankafika pakhonde ali wefuwefu, moni n'kudzapereka pambuyo. Koma kuseri nthaka inali pamwamba, yolingana ndi pansi pa nyumba. Ine ndikachedwa kosewera fulaye ndinkangolowera pakazenera ka kuchipinda kwathu, amayi osadziwa. Chimbudzi, bafa ndi kamsewu kopita kumsika zonse zinali kuseri komweko, koma khomo kunalibe. Tinkachita kutsika masitepe n'kuzungulira.

Abambo anali kalipentala. Tsiku lina akukhoma denga la nyumba ya munthu ku Namiwawa, thabwa lomwe anapondapo linathyoka, iwo n'kugwa chagada. Moyo unatsala, koma miyendo inakana. Anagona m'chipatala miyezi ingapo, ndipo madokotala atanena kuti posachedwa atuluka, anawapatsa chikuku, mpando wa matayala uja. Ine ndi amayi tinakondwa. Eni ake anangotembenukira kukhoma.

"Ndikatani kunyumbako, amake Luwiza?" anafunsa motero osatiyang'ana. "Ndizikanyamulidwa ngati thumba la chimanga m'mawa uliwonse, ana a eni ake akuvutika nane pamasitepe paja kuti ndikafike kuchimbudzi? Bola andisiye konkuno."

Mu minibasi pobwerera amayi anangofungatira dengu la mbale pamiyendo. Ine pakamwa panga sipanaphunzire kudikira, ngakhale lero. Ndinawafunsa kuti bwanji abambo azilowera kuseri, pazenera pomwe ndimalowera ine, popeza kumeneko kulibe masitepe. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kani umalowera pazenera?"

Ndinadziwa kuti ndadzigulitsa ndekha, ndipo khutu langa linayamba kutentha lisanakokedwe. Koma titatsika, amayi sanakwere masitepe. Anazungulira kuseri, anatsitsa dengu, n'kuima manja ali m'chiuno, maso ali pakhoma. Kenako anandituma kuti ndikaitane a Makawa.

A Makawa anali bilida, womanga nyumba, wokhala pafupi nafe, mnzawo wa abambo wa pabawo. Anafika, anagogoda khoma ndi chibakera, anakanda pakati pa njerwa ndi msomali, dothi lofiira n'kugwa. Iwo anati kazenera kanga n'kakang'ono, komanso bambo wa pakhomo sangamalowere kuchipinda kwa ana. Khomo liboolidwe pabalaza, pomwe panali khoma lokhalokha.

"Njerwazi anamangira dothi, zizuka mosavuta," anatero. "Koma ine masana ndili pa ntchito ku Chirimba. Ndizikuuzani pogunda m'mawa, madzulo ndizidzaona. Manja akhale anu, mayi."

Amayi anavomera msangamsanga, ngati munthu amene wakhala akuboola makoma moyo wake wonse. Anandichenjeza kuti abambo asamve kanthu, chifukwa khomalo anamanga okha asanakwatire, ndipo mmene mtima wawo unalili akanangokana.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala ndi chingwe m'dengu. Amayi akuwadyetsa phala abambo, ine ndinanyonyomala kuseri kwa bedi n'kuyeza chikuku kuchokera tayala ili mpaka linalo, n'kumanga mfundo. Mtima unkagunda ngati ndikuba shuga. Nditakapereka chingwecho kwa a Makawa monyadira, iwo anaseka.

"Wayeza matayala, mwana wanga. Nanga zala za bambo ako zikamakankha zizidutsa pati?"

Anawonjezera chikhatho uku ndi uku, n'kundipatsa khala kuti ndijambule khomo pakhomapo. Ine amene ndinakwapulidwapo chifukwa cholemba dzina langa loti Luwiza pakhoma lomwelo, lero ndinkajambula akuluakulu akundigwirira mpando. Ana onse a m'dera lathu anabwera kudzaonerera, ndipo ndinkawalamula kuti asunthe ngati ndine folomani.

Ndinkaganiza kuti tingotenga nyundo yaikulu n'kuphwanya, koma a Makawa anakana kwamtuwagalu. Anati khoma limaboolidwa kuyambira kumwamba, ndipo usanachotse za m'munsi uyambe wapatsa za pamwamba pokhalira, apo ayi denga likupeza uli pomwepo. Choncho tinangozula mizere iwiri ya njerwa pamwamba pa chojambula changa. Amayi anakwera pa tebulo, chitenje atamanga kolimba, tchizulo ndi nyundo za abambo zili m'manja. Njerwa yoyamba inavuta mpaka manja awo anatuluka matuza. Itangosuntha n'kugwera kunja kuti phu, kuwala kwa dzuwa kunalowa pabalaza ngati ndodo, fumbi likuvina m'menemo. Ndinakuwa mpaka agalu a kwa aneba anayamba kuuwa.

Madzulo ake anyamata awiri anathandiza a Makawa kulowetsa lintala, chimtanda cha simenti chogwira njerwa za pamwamba pa khomo. Anachimata bwinobwino n'kunena kuti pasapezeke wogunda mpaka simenti itauma. Masiku amenewo anandivuta kuposa kudikira Khirisimasi. Ntchito yanga inali yothira madzi pa simentiyo, ndipo ndinkathira mopitiriza muyezo poganiza kuti iuma msanga. Amayi ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ine n'kumati nkhonoyo ndilibe nayo ntchito.

Tsiku lozula zotsalazo linali Loweruka. Amayi ankazula njerwa imodziimodzi kutsika m'munsi, ine ndikulandira, kupala dothi ndi chikwanje chakale n'kusanja pambali. Tsitsi, nsidze, ngakhale m'mano munali dothi. Tinali mbuu tonse awiri, ndipo kwa nthawi yoyamba chigwereni abambo ndinamva amayi akuimba nyimbo ya kukwaya. Pofika masana bowo linali litafika pansi. Munthu ukaima pabalaza unkaona mtengo wa mapeyala, chimbudzi ndi anthu odutsa m'kamsewu.

Mmodzi wa odutsawo anali azakhali, achemwali awo aakulu a abambo. Anachokera kumudzi ku Chikwawa kudzazonda mlongo wawo, ndipo anatulukira njira ya kumtunda atasenza dengu la mbatata. Atangoona bowolo anaima. Dengu linagwa, mbatata zikugubuduka kutsetsereka, iwo anagwira kumutu n'kuyamba kulira maliro, akutchula dzina la ubwana la abambo.

Azimayi oyandikana nafe anathamangira kwathu, ena akumanga mipango m'njira. Amayi anatulukira pabowo lomwelo nyundo ili m'manja, ndipo zinatenga nthawi kuti azakhali amve zoti mlongo wawo ali moyo ndipo m'mawa womwewo wadya phala. Atamva, misozi inasanduka mkwiyo.

"Alamu, mwachita chiyani apa? Kwathu khoma la kuseri amaboola potulutsa maliro. Munthu ali gone m'chipatala, inu mwamukonzera kale potulukira?"

Amayi anakulira mtauni momwemo, ku Ndirande, ndipo mwambo umenewo anali atangoumva patalipatali. Anayesa kufotokoza za chikuku ndi masitepe, koma azakhali sanafune kumva. Anati njerwa zibwerere pamalo pake dzuwa lisanalowe, ndipo ngati kanthu kachitika kwa mlongo wawo, abale onse adzadziwa amene anaitana. Azimayi aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, mwakachetechete, ndipo ena sanawayang'ane amayi kumaso.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, titafika kuchipatala madzulo ake tonse atatu tinapeza abambo thupi litatentha, akunjenjemera. Azakhali anangowayang'ana amayi. Ine mantha anandigwira zenizeni, chifukwa nzeru ya kuseriyo inachokera pakamwa panga. M'mawa mwake ndinapeza amayi ataima pabowo paja, njerwa ili m'manja. Sindinadziwe ngati akufuna kuibwezera kapena kuitaya, ndipo ndikhulupirira kuti nawonso sankadziwa.

"Khomali lili ndi mwini wake," anatero pomaliza, n'kuika njerwayo pansi. "Tikawauze."

Tsiku limenelo abambo anali atapezako bwino, dokotala atanena kuti anali malungo chabe. Azakhali ndi amene anayamba kulankhula, ndipo mlandu anaufotokoza mwaluso, osasiya ngakhale mbatata zija. Amayi anangoweramitsa mutu. Abambo anamvetsera maso ali kudenga, kenako anatembenuka n'kundiyang'ana ine.

"Lintala munaika?"

Ndinati eya, a Makawa anaika, ndipo madzi ndinkathira ndine. Anafunsa kukula kwa khomolo, ine n'kutambasula manja. Anafunsa ngati pansi pake pali chitunda, amayi n'kuyankha kuti a Makawa akonza kuti pakhale potsetsereka pang'ono. Kenako anawagwira dzanja azakhali.

"Achemwali, mwambowo ndikuudziwa, ndinaona pa maliro a agogo. Koma mukatseka pamenepo, khomo la kumaso lija ndi lomwe muzidzandinyamulira ngati maliro tsiku ndi tsiku, ndili maso. Musiyeni mlamu wanu."

Azakhali anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Abambo anatembenukira kwa amayi, ndipo mawu awo anamveka ngati a munthu uja tinkamudziwa.

"Felemu a Makawa aike, koma chitseko musagule. Za pamsika zija zimapindika ikangogwa mvula. Ndidzapanga ndekha."

Amene akuganiza kuti azakhali anagonja sawadziwa azakhali anga. Titafika kunyumba anatenga mpando, anakhala pabowo paja n'kulengeza lamulo lawo. Ngati khomoli ndi lolowera, ndiye pasapezeke chamoyo chotulukirapo mpaka mwini wake atalowa. Kulowa tinkaloledwa, koma potuluka tinkatsika masitepe n'kuzungulira ngati kale. Ndinawakumbutsa kuti amayi anatulukirapo kale tsiku lija ndi nyundo, iwo n'kuti pamenepo linali bowo, silinali khomo, ndipo ndisiye makani. Ngakhale a Makawa, poika felemu, anazungulira nyumba mpaka anatopa, akung'ung'udza chapansipansi. Nkhuku ya kwa aneba italowa pabalaza, azakhali anaithamangitsa m'nyumba monse n'kukaitulutsira kumaso. Koma anali iwo omwewo amene anasenza mchenga wa potsetsereka paja, n'kusalaza simenti ndi chikhatho chawo.

Abambo anabwera pa galimoto ya munthu wina wa kutchalitchi, imene inaima m'kamsewu ka kumtunda. Anyamata atawatsitsa n'kuwakhazika pa chikuku anafuna kukankha, koma abambo anakweza dzanja. Anagwira matayala okha. Chikuku chinayenda pang'onopang'ono kudutsa pa mtengo wa mapeyala, anthu atandandalika uku ndi uku, ana atakwera pamulu wa njerwa zija. Atafika pakhomo anaima, anayang'ana lintala, anasisita felemu monga ankachitira ndi ntchito ya ophunzira awo, n'kunena kuti yapendekeka pang'ono. A Makawa anati ayambe alowa kenako adzatsutse. Anthu anaseka, abambo anakankha, ndipo zala zawo zinadutsa osakhudza khoma.

Azakhali anali m'kati, akudikira. Nthungululu yomwe anaimba inamveka mpaka kumsika. Amayi sanaimbe nawo. Anakhala pansi pabalaza, nsana atatsamira khoma, n'kulira kulira konse komwe anasunga miyezi yonse ija.

Kwa milungu ingapo pakhomopo pankatchingidwa ndi lata lakale. Abambo anatsitsa miyendo ya benchi yawo yopalira matabwa kuti ilingane ndi chikuku, anaiika pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo ntchito yoyamba inali chitseko cha mlombwa. Ine ndinkagwira thabwa iwo akupala, fungo la mtengo lili ponseponse. Anthu odutsa m'kamsewu ataona chitsekocho anayamba kuima n'kumafunsa ngati angawapangire chawo. Pa benchi imeneyo ndi pomwe panachokera sukulu yanga yonse.

Ndili mwana ndinkawaseka azakhali, ndipo nkhani ya nkhuku ija ndinkaifotokoza paliponse. Panopa ndili ndi zaka zomwe anali nazo iwo nthawi imeneyo, ndipo sindisekanso chimodzimodzi. Ndazindikira kuti azimayi awiri aja ankaopa chinthu chimodzi, kutaya munthu yemweyo. Wina anaopa n'kutenga nyundo, wina anaopa n'kukhala pampando kulondera bowo. Chimene chinawathandiza n'chakuti anakafunsa mwini wake, amene tonse tinkamukonzera moyo osamufunsa. Lero ndikaona wachibale akudwala, ife tili kumbali kunong'onezana zomuchitira, ndimakumbukira funso la abambo lija la lintala, ndipo ndimapita kukamufunsa.

Abambo analowa ndi kutuluka pakhomo limenelo okha kwa zaka zambiri, mpaka anaona zidzukulu. Atamwalira, azakhali anali atatsogola kale, ndipo panalibe wotikumbutsa mwambo uliwonse. Anyamata onyamula bokosi analunjika kuseri, popeza kunali kosavuta. Amayi, atakalamba kale, anadzuka pamphasa n'kukaima pa chitseko cha mlombwa chija.

"Apa ayi," anatero. "Apa ankadutsa okha."

Bokosi linatulukira kumaso, pamasitepe opendekeka aja.