Sewero la pafoni linandidanitsa ndi apongozi anga

Ndinalola munthu kundijambula ndi foni pakhomo panga penipeni, nditavala zovala zanga za masiku onse, ndikulankhula mawu ochokera m'mutu mwanga, popanda ngakhale kapepala kolemberana. Kupusa kwanga kunali kumeneko ndipo sindikukana. Koma mkwiyo umene ndili nawo pa munthu ameneyo sunaphwe mpaka lero. Inu owerenga, makamaka amayi anzanga okonda zisudzo, ndimvereni bwino.

Ine ndine telala. Ndili ndi kashopu ku Area 2, komwe ndimasoka madiresi a ukwati ndi mayunifolomu a makwaya. Kwathu ndi ku Mitundu. Amuna anga ndi a ku Rumphi, amagwira ntchito m'boma ku City Centre, ndipo timakhala ku Area 12 ndi ana athu aakazi atatu. Kuyambira ndili mtsikana ndinkakonda masewero a kutchalitchi. Pakafunika munthu woti akhale mayi wolongolola kapena mkazi wansanje, ankaitana ine, ndipo anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti.

Khomo loyandikana ndi shopu yanga linali la bambo wina wojambula maukwati. Ndimutchula kuti Maliko, ngakhale si dzina lake. Tinkagwirizana chifukwa makasitomala athu anali amodzimodzi: ine kusoka diresi, iye kukajambula mkwatibwi atalivala. Tsiku lina anatulukira ndi foni yatsopano ya makamera atatu kumbuyo. Anandionetsa vidiyo imene anajambula ataima pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Anakokera chithunzi pafupi mpaka ndinaona thukuta pamphumi pa kondakitala wa minibasi amene anali kutali kwambiri. Anati chikamera chake chachikulu chija chatha ntchito, n'cholemera, ndiponso ukangochitulutsa m'tauni anthu amakuunjirira n'kumayang'ana m'kamera ngati mbuzi. Ndi foni, anatero, palibe amene amadziwa kuti ukupanga filimu.

Kenako anandiuza kuti akufuna kupanga filimu yathunthu ndi foni yomweyo. Nkhani yake inali ya mkazi wa m'tauni wozunza apongozi ake, amene pamapeto pake amalapa. Anati wayang'ana Lilongwe yense ndipo woyenera mbali imeneyo ndine ndekha. Ndinakomedwa, ndisaname. Amuna anga nditawauza sanasangalale kwenikweni, koma anati bola zikhale zophunzitsa anthu. Chimene sindinawauze n'chakuti ndinali nditalonjeza kale kuti mbali ina tidzajambulira kunyumba kwathu.

Nthawi imeneyo apongozi anga, mayi awo a amuna anga, anali atakhala nafe miyezi inayi. Anabwera kudzalandira thandizo la matenda a shuga ndi bala la kuphazi limene linkakana kupola. Ndinkawasamala ndine. Ndinkatsuka balalo m'mawa ndisanapite kushopu ndi madzulo ndikabwerako, kuwaphikira zawozawo, kuwaperekeza kuchipatala. Sindinawayankhepo mwamwano ngakhale tsiku limodzi. Koma mumtima ndinkasunga zinthu. Ankalavulira m'chitini chimene ankaika pansi pa bedi, ndipo wokataya anali ine. Ankathira shuga mu tiyi mobisa, dokotala n'kumakalipira ine. Ndikangolowa pabalaza, ankasintha n'kuyamba kulankhula Chitumbuka ndi mwana wawo. Ndipo kawirikawiri ankausa moyo n'kunena kuti dzina la banja lawo lithera pa ana aakazi.

Bala litayamba kuuma anapempha kuti akaone kumudzi. Lachinayi tinawaperekeza kudepoti mwamtendere, nditawagulira sopo, bulangete ndi nsapato zofewa. Ankayenera kubweranso pakatha miyezi iwiri kuti adokotala adzaonenso phazilo.

Loweruka lotsatira amuna anga anali kumsonkhano wa akulu a mpingo, ana anali kwa mchemwali wanga. Maliko anafika cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi mayi wina wachikulire wogulitsa masamba mumsika, amene ankasewera ngati apongozi a mufilimu. Chimene tinkajambula tsikulo chinali choti ine ndikuwathamangitsa, ndikuponya katundu wawo kunja kwa geti. Ndinafunsa ngati ndisinthe zovala, iye anati ayi, mmene ndililimo ndi mmene zikhalire zenizeni. Anati mayiwo afunika chofunda kumutu kuti azioneka odwala. Ndinayang'ana pachingwe n'kuona chitenje chimene apongozi anga anaiwala, ndipo ndinachitenga ndi manja angawa n'kuwafunditsa.

Masiku am'mbuyomo tikamajambula kushopu, Maliko ankamangirira foni pa kachitsulo ka miyendo itatu, itagona chopingasa, kuti chithunzi chidzadzaze bwino pa TV. Tsiku limeneli sanatero. Anandimangirira kamaikolofoni kakang'ono ngati batani m'kati mwa bulauzi, n'kutuluka kukaima kunja kwa mpanda. Foni anaigwira pamanja choimika, akusuzumira pa mpata wa geti, uku akuigwedeza dala. Nditafunsa anati ndi sitayilo ya masiku ano. Ine wosoka madiresi ndikanatsutsa chiyani?

Mawu olembedwa panalibe. Tinayesa kawiri, iye n'kumapukusa mutu kuti sizikugwira mtima. Kachitatu anafuula ali kuseri kwa geti kuti: "Mayi, musaganize zoti ndi sewero. Tulutsani zimene zili mumtimamo!"

Ndinatulutsadi. Nditaona chitenje chija patsogolo panga, zonse za miyezi inayi zinakwera pakhosi. Ndinanena za chitini cha malovu. Ndinanena kuti ndatopa ndi fungo la bala. Ndinanena za shuga wobisa, za Chitumbuka chondinenera miseche m'nyumba mwanga momwe, za ana anga aakazi amene akuonedwa ngati si anthu. Ndinaponya chikwama kunja kwa geti n'kukuwa kuti, bwererani kwanu mukafere komweko. Nditamaliza ndinali wefuwefu, misozi ili m'maso. Maliko anaomba m'manja n'kunena kuti ndine katswiri. Ndinawaphikira tiyi onse awiri, tikuseka.

Lachiwiri masana ndikudula nsalu, mlamu wanga wa ku Mzuzu, mchemwali wawo wa amuna anga, anandiimbira. Sanandipatse moni. Anandifunsa kuti mayi awo anandilakwira chiyani choti ndiwathamangitse ngati galu. Ndisanamvetse, anadula foni n'kunditumizira vidiyo. Inali ya mphindi ziwiri zokha. Pamwamba panalembedwa kuti, onani nkhanza za mayi uyu wa ku Area 12 pothamangitsa apongozi ake odwala. Panalibe mawu alionse osonyeza kuti ndi filimu. Chithunzi chinkagwedezeka ngati wajambula ndi munthu wongodutsa mumsewu. Nkhope ya mayi wa masamba uja sinkaoneka, ankangooneka kumsana atafunda chitenje chimene abale onse a amuna anga amachidziwa. Koma nkhope yanga inkaoneka mbee, ndipo mawu anga ankamveka ngati ndikukulankhulirani m'khutu.

Inu owerenga, mukanakhala inu mukanakhulupirira chiyani? Apongozi achoka Lachinayi, vidiyo yatuluka Lachiwiri, geti ndi lathu, chitenje ndi chawo.

Ndinatuluka n'kulowa kwa Maliko. Ndinamupeza akumwetulira, akuwerenga ndemanga za anthu pa masamba a mchezo. Anandiuza kuti: "Mayi, mwatchuka! Dziko lonse likukamba za inu. Tikadzatulutsa filimu yonse adzadziwa kuti linali sewero, ndipo aliyense adzafuna kuonera." Ndinamuuza kuti achotse pompo. Anati ndisapupulume, umu ndi mmene amaitanira anthu masiku ano, ndidikire sabata imodzi yokha. Sabata imodzi! Dzina langa likuwola iye akuti sabata imodzi. Zimene ndinamuuza sindingazilembe pano. Ndinangozindikira amayi a mashopu oyandikana nawo atandigwira mikono, ndipo m'pamene ndinaona kuti sizasi ndinali ndidakali nayo m'manja.

Anachotsa madzulo ake, amuna anga atapita kukamuopseza kuti amutengera kukhoti. Koma kuchotsako kunathandiza chiyani? Vidiyo inali italowa kale m'mafoni a anthu, ikudumpha kuchoka gulu ili kupita gulu ilo: la amayi a mpingo, la kuntchito kwa amuna anga, la makolo a kusukulu kwa ana. M'minibasi yochokera ku City Centre mayi wina anandiyang'anitsitsa, n'kuyang'ana pafoni yake, n'kunena mokweza kuti sangakhale pafupi ndi mfiti. Akwatibwi awiri anabwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, wina anati sangavale diresi losokedwa ndi manja otembereredwa. Mwana wanga wamkulu, Wezi, anakana kupita kusukulu kwa sabata yathunthu. Amuna anga anaitanidwa ndi akulu anzawo a mpingo kuti akafotokoze chimene chikuchitika m'nyumba mwawo.

Tinapita kwa munthu wina wodziwa malamulo. Anandifunsa ngati panali pepala losonyeza zimene tinagwirizana ndi Maliko, ndipo ndinati ayi. Anafunsa ngati anandikakamiza, ndinati ayi. Anati mlandu ukhoza kukhalapo ndithu, koma utenga nthawi yaitali, ndipo ngakhale titawina palibe woweruza amene angalowe m'foni ya munthu aliyense kukafufuta. Tinajambula vidiyo ina, ine ndi mayi wa masamba uja titakhala limodzi, tikufotokoza kuti linali sewero. Oonera anali ochepa. Anthu safuna kuona munthu akudziyeretsa, amafuna kumuona akugwa. Ochepa amene anaonerawo ankati tachita kuwanyengerera mayiwo kuti atibisire mlandu.

Filimu ija sinathe n'komwe. Maliko anasamuka ku Area 2 mwezi usanathe, ndipo ndikumva kuti akujambulabe kwina, ali ndi omutsatira ambiri amene anawapeza ndi nkhope yanga. Anandidyera masuku pamutu, ndipo sanabwerepo kudzanena kuti pepani.

Amuna anga anati tipite ku Rumphi. Ankati mayi awo ndi okhawo amene angatseke pakamwa pa abale, popeza akudziwa kuti sanathamangitsidwe. Tinapita. Tinapeza abale atasonkhana, mlamu wanga uja ali pomwepo, atawaonetsa kale vidiyo. Apongozi anga analankhula pamaso pa onse, amuna anga akundimasulira. Ananena kuti munthu wa m'vidiyo si iwo, kuti ndinawasamala bwino, kuti ndinawaperekeza kudepoti n'kuwagulira bulangete. Anauza mwana wawo wamkazi kuti asiye kundinyoza. Mtima wanga unakhala pansi, ndinkaona ngati zatha.

Kenako anauza onse kuti atuluke, nditsale ine ndekha. Analankhula Chichewa, pang'onopang'ono, akunditchula mmene amanditchulira nthawi zonse.

"Anyina Wezi, ndawauza zoona kuti simunandithamangitse. Koma chitini chija ndi changa. Bala lija ndi langa. Shuga uja ndinkaba ndine. Zimenezo sanakulembereni munthu."

Ndinkafuna kunena kuti linali sewero chabe, koma ndinkadziwa kuti akunena zoona. Ndinagwada n'kulira. Iwo sanakalipe. Anangoti sankadziwa kuti ankandinunkhira, ndipo sadzabweranso kudzanditopetsa.

Sanabweredi. Tsiku loonana ndi adokotala linakwana n'kudutsa. Amuna anga anawachonderera, anatumiza galimoto, iwo anakana. Ankati azipita pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo. Bala linayambiranso, ndipo pamene ankavomera kupita kuchipatala chachikulu cha kumpoto komweko, zinali zitafika poipa. Anawadula mwendo m'munsi mwa bondo. Ndinapempha kuti ndikawadikirire kuchipatalako, anabweza uthenga woti ndisavutike.

Amuna anga sananenepo kuti ndine ndinachititsa. Amadya chakudya changa, amathokoza, amapita kuntchito. Koma munthu amene tinkacheza mpaka kuiwala kuti ndiwo zili pamoto, lero akalowa m'nyumba amangofunsa za ana basi. Akamaimbira foni mayi awo amatuluka panja.

Ndakwiya ndi Maliko, ndipo sindikudziwa ngati ndidzamukhululukire. Ndakwiya ndi aliyense amene anatumiza vidiyo ija kwa mnzake asanafunse kuti yachokera kuti, ena mwa iwo anthu oti timaimba nawo kwaya imodzi. Ndipo ndadzikwiyira ndekha koposa, chifukwa iye anagwira foni, koma pakamwa panali panga.

Tsono inu owerenga, mafoni a masiku anowa amajambula bwino moti bodza limaoneka loona kuposa choonadi. Wina akakupemphani kuti musewere mufilimu yake, ngakhale akhale mnansi kapena wa mpingo wanu, lemberanani kaye: ajambula chiyani, akaika kuti, ndipo asatulutse kachidutswa kalikonse inu musanaone n'kuvomera. Musajambulitse pakhomo panu, musavale zovala zimene anthu amakudziwani nazo, ndipo mawu akupatseni olembedwa. Akakuuzani kuti tulutsani za mumtima, nyamukani muzipita. Inunso olandira mavidiyo m'magulu, chala chanucho chisamathamange, munthu mukumutumizayo ali ndi ana opita kusukulu. Ndipo ngati muli ndi chakukhosi ndi apongozi anu, kakhaleni nawo pansi awiriwiri mukambirane mwaulemu. Ine ndinaopa kuwauza apongozi anga m'chipinda kuti ndatopa, mapeto ake anamvera pafoni pamodzi ndi dziko lonse, ndipo lero akuyendera ndodo.