Mwala Woyenda Wokha pa Mzere wa Feteleza

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene amayi aang'ono, Anyajere, anatsala pang'ono kulandidwa munda. Amuna awo, mng'ono wa bambo anga, anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo abale anayamba kunong'onezana kuti mkazi wozolowera kugulitsa tomato kuboma ku Kasungu sangathe khasu. Abambo aakulu, amene ankayang'anira banja lonse, anachita kunena poyera kuti fodya wa chaka chimenecho akakanika, Anyajere abwerere kwawo ndipo munda ugawidwe.

Kumunda fodyayo sanakanike. Feteleza wa kuponi imodzi imene analandira anamuphatikiza ndi manyowa a mbuzi, masamba n'kutambasuka mochititsa kaso. Vuto linali lakuti anakhwima nthawi imodzi. Loweruka lina m'mawa mulu wa masamba m'chigafa unali wofika m'chiuno, ndipo aliyense wokulira kwathu ku Kaluluma amadziwa kuti fodya wothyola sadikira munthu. Ukamusiya pamulu amatentha, n'kuda, n'kuwola. Akuluakulu onse anali pa fodya wawo. Otsala tinali ife ana, ndipo Anyajere anatisonkhanitsa potilonjeza zitumbuwa.

Kusoka fodya ndi ntchito yogwetsa ulesi. Umakhala pansi utatambalala, kubaya singano patsinde la tsamba, kenako lina, kenako linanso, manja ali bii ndi utomoni, fungo likukuzunguza mutu. Tsono nthawi imeneyo pasenta panali patangotsegulidwa nyumba yoonetsera mavidiyo. Msuweni wanga Yobu, yemwe ankalongolola ngati wailesi, anayamba kutisimbira za munthu wouluka pakati pa nyumba zogunda mitambo, mumzinda umene ngakhale iye dzina lake linkamukanika kutchula.

"Vidiyoyo ikuyamba masana ano," anatero akuimirira. "Tiyeni tikasuzumire pamabowo."

Singano zinayamba kugwa pansi. Inenso, ndisaname, ndinali nditayamba kale kupukuta manja m'fumbi.

Anyajere sanakalipe, sanatinyengererenso. Osadzutsa n'komwe mutu, anangofunsa ngati akufunsa za mvula: "Kodi za mwala wa padepoti ya feteleza munazimva?"

Depoti imeneyo tonse tinkaidziwa ngati khomo lathu. Nthawi ya makuponi makolo ankatituma kukawagwirira malo, ndipo tinkadziwa mwambo wake: ukatopa ndi dzuwa umasiya mwala pamzere n'kukakhala pamthunzi, mwalawo ndiwo ukusungira malo. Munthu wosuntha mwala wa mnzake ankatukwanidwa ngati wakuba.

Anatiuza kuti mlonda wa padepotipo anaona mwala wina wakuda, wokhala ndi kamzera koyera, umene panalibe ankabwera kudzaima pambali pake. Koma mzere ukasendera, mwalawo unkapezeka kuti nawonso wasendera. Mlonda anautola n'kukautaya m'ngalande kuseri kwa chigayo. Kutacha anaupeza pamzere, utadutsa kale pamene amakhala amayi ogulitsa zigumu aja, ukuloza kuchitseko chobiriwira.

"Bodza!" anakuwa Yobu, yemwe anali atafika kale pakhomo la chigafa. "Chitseko chija n'chofiira!"

"Enya, wanena zoona mwana wane, n'chofiira," anayankha Anyajere. "Mutu wangawu wakalamba. Takhala apa uzindikumbutsa."

Yobu anakhala, ndipo sindikudziwa kuti singano inabwerera nthawi yanji m'manja mwake.

Kuyambira pamenepo tonse tinasanduka aphunzitsi. Wina ankati mtengo wa mthethe uli kumanzere, osati kumanja. Wina ankati telala wa pakhonde la sitolo satsegula Lamlungu, ndiye sakanauona mwalawo tsiku limenelo. Anyajere ankavomera zonse mofatsa, n'kukonza nkhani yawo pomwepo. Chimene chimandiseketsa mpaka lero n'chakuti tinakangana za chitseko, za mtengo, za telala, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsutsa zoti mwala ukuyenda. Ndipo anali ochenjera mayi aja: manja athu akaima, mwala nawonso unkaima. Ankangoti zii, kudikira, mpaka wina atole tsamba.

Masana anadutsa osaoneka, vidiyo ya Yobu inatha yokha kumene inali. Mikangala, timitengo topachikapo fodya wosokedwa, inkadzaza umodziumodzi, Anyajere n'kumaikweza pamwamba uku akusimba. Mlonda anaitana mbusa kuti aupempherere, mwala osamva. Anauika m'thumba n'kumanga, m'mawa thumba lili pululu.

Dzuwa litapendeka, mulu utatsala masamba ongokwana m'manja, mwala unafika pachitseko chofiira chija. Tsiku limenelo m'depoti munasowa thumba limodzi la feteleza. Linakapezeka pakhomo la mayi wina wamasiye amene dzina lake linadumphidwa pogawa makuponi, ndipo pamwamba pa thumbalo panali mwala wakuda wa kamzera koyera. Mwini wake anali mwamuna wa mayiyo, amene anausiya pamzere chaka chinacho atamva mutu, n'kupita kunyumba osabwereranso.

Atafika pamenepa mawu a Anyajere anasasa. Anapukuta maso ndi mkono, poti manja anali a utomoni, ndipo ife ana tinayesa kuti ndi fodya wawalowa m'maso.

Tikudya zitumbuwa ndinawafunsa chifukwa chimene ankalolera Yobu kuwatsutsa pamaso pa tonse.

"Anditsutse ndithu pa chitseko," anatero. "Chitseko chikakhala choona, chigayo choona, telala woona, mwala udzayenda wokha. Bodza likhale limodzi, mwana wane, zotsala zonse munthu athe kukaziloza ndi chala."

Patapita masiku abambo aakulu anabwera kudzaona chigafa. Anayenda chowerama pansi pa mikangala, kugwira tsamba ili, kununkhiza ilo, akufunafuna lowola. Potuluka anangotsokomola n'kunena kuti, "Wayanikidwa bwino." Za kugawa munda sitinazimvenso.

Lero ndimalemba nkhani zanga za zodabwitsa. Poyamba ndinkaziika m'mizinda yakutali imene sindinapondemo, ndikuganiza kuti chozizwitsa chimafuna malo ozizwitsa, ndipo zinkatuluka zozizira ngati phala la dzulo. Zinayamba kupuma tsiku limene ndinazibweretsa padepoti ya mabasi ku Kasungu, pakati pa akabaza ndi ogulitsa chimanga chootcha, pamene wowerenga angandigwire bodza ndikalakwitsa ngodya. Pamenepo m'pamene ndinayamba kuwagomera mayi aja, amene sanalembepo nkhani ngakhale imodzi.

Koma chachikulu ndinachizindikira mochedwa, nditakula n'kuikanso anthu anga m'manda. Depoti ya feteleza ija sanaisankhe chifukwa chongoti ife tinkaidziwa. Ndi pamene iwo anaima okha pamzere chaka chimenecho, koyamba opanda amuna awo, pakati pa miyala ya anthu ena. Ife tinkamvetsera nkhani ya mwala, koma mayi aja, fodya ali pafupi kuwola ndipo abale akuwerengera munda, ankasimba zimene mtima wawo unkalakalaka: kuti amene anapita uja akanawasungirabe malo.