Wakhoza Mokayikitsa

Aphunzitsi ena opuma ntchito a ku Naisi sakhulupirira digiri za masiku ano. Akamva kuti kalasi yonse yakhoza ku koleji, amangotsonya. "Ochongawo amawerenga mayankho kapena amayang'ana nkhope?" Ndipo sanama, poti ena mwa okhozawo ngakhale kulemba kalata kumawakanika.

Oswald, mnyamata wa digiri yauphunzitsi, atabwera kudzafunsira Watipaso, mwana wa mlongo wawo, anamukhazika pakhonde n'kumupanikiza ndi mafunso a sayansi. Anamuuziratu kuti akalephera, mbeta palibe. Mnyamatayo anayankha onse osaphonya.

Akuluwo anatembenukira Watipaso, amene ankangosesa pamodzimodzi.

"Iwe, bwanji umamwetulira ndisanamalize funso?"

"Amalume, ine ndimangosesatu."

"Likasa ili, mafunso anga atuluka! Achimwene, mubwerenso Loweruka, mayesowa ndawafafaniza."