Madzi pa Mawaya a Ventoinya

Lolemba madzulo. Ndimapukusa chimanga pakhonde pamene amalume anafika, kaminibasi kawo kakale kakufuka nthunzi. Ventoinya yoziziritsa injini inali itafanso. Fuzivelo, kachipangizo koteteza mawaya a magetsi, inali itapsa.

“Lolemba lililonse fuzivelo kupsa!” amalume anakalipira a Zuze, amekaniko awo. “Mawa ndikupita kwa wina.”

A Zuze anagwiragwira mawaya. “Koma muno muli madzi, achimwene. Chilimwe chino?”

Ine ndinangoweramira m'lichero. Lamulungu lililonse ndikamatsuka galimotoyo, ndimavundukula injini n'kuikhuthulira ndowa yonse kuti iwale, amalume andiyamikire. Amalume atandifunsa ngati ndikudziwapo kanthu, ndinanong'ona kuti mwina ndi mame.

Mame, pansi pa chivundikiro! Mpaka pano manyazi akundigwira. Mawa m'mawa ndiwauza amalume zoona asanalize galimoto, a Zuze asaluze ntchito chifukwa cha ndowa yanga.