Ndinayamwitsa Ana Anayi ndi Mabere Olowa Nsonga

Manyazi anatsala pang'ono kundiphera mwana wanga woyamba. Inu owerenga, makamaka amayi ndi atsikana, ndimvereni. Ine nsonga za mabere anga n'zolowa mkati. Ndinabadwa choncho. Sizitulukira kunja ngati za anzanga, zimangooneka ngati kamchombo.

Ndinakulira ku Mitundu. Nditatha msinkhu ndinazindikira kuti ndine wosiyana ndi anzanga, ndiye kudambo ndinkasamba chowafulatira. Ngakhale mayi anga ondibereka sindinawauze. Ndinakwatiwa matipate atangoyamba kumene, ndipo amuna anga ananditengera chitengwa kwawo ku Nathenje, komwe tinkalima fodya ndi chimanga. Iwo anaziona ndithu, koma sanazitenge ngati nkhani. Nditaima ndinkapita kusikelo mwezi ndi mwezi, koma poyezedwa ndinkaonetsa mimba yokha, pachifuwa nditamanga chitenje zolimba.

Ndinachira bwinobwino nthawi yosankha fodya, mwana wamwamuna. Vuto linayamba tsiku lomwelo. Mwana ankatsegula kamwa kufunafuna bere, koma osapeza pogwira. Ankangoterereka, kenako n'kulira mpaka mawu kusasa. Mkaka utabwera mabere anatupa, kulimba ngati maungu, nsonga zija n'kubisaliratu. Taganizani, mkaka ukudontha mpaka kunyowetsa bulauzi, mwana akulira njala pamiyendo panga.

Masiku amenewo anthu anali atangomasuka pakamwa, ndipo ufulu wolankhulawo unathera pa ine. Amayi obwera kudzaona mwana ankatuluka ndi nkhani. Ena ankati sindine mkazi wathunthu, ena ankati kwathu ku Mitundu anandichita chipongwe. Apongozi anga aakazi sanali munthu woipa, koma mantha anawagwira. Anauza mwana wawo kuti, "Khandali litifera tikuona. Kaguleni botolo." Amuna anga anagulitsa nkhuku n'kukagula botolo ndi mkaka wa m'chitini pa Nathenje. Kuti chitinicho chikhalitse, tinkathira madzi ambiri, a pachitsime, osawiritsa n'komwe. Chitatha tinayamba kumupatsa phala lamadzimadzi.

Sipanapite nthawi, mwana anayamba kutsegula m'mimba. Liwombo linalowa, maso analowa, kulira kwake kunasanduka ngati kwa kamwana ka mphaka. Apa nkhani inatembenukira kwa amuna anga. Akuti mwana watsemphedwa, ndiye kuti bambo wake wayenda ndi mkazi wina. Akuluakulu anapangana tsiku loti awakhazike pansi aulule. Ine ndinkadziwa kuti munthuyo ndi wosalakwa, mwana ikumupha ndi njala ndi madzi oipa. M'mawa wa tsiku la mlanduwo ndinabereka mwana wanga, osatsanzika aliyense, n'kukwera matola kupita kuchipatala.

Kumeneko anamuthandiza msanga ndipo anatigoneka. Namwino wina anandifunsa chifukwa chimene sindinkayamwitsira. Ndinangomasula bulauzi nditazyolika. Ndinkayembekeza kuti adabwa kapena aitana anzake adzaone, koma anangokoka mpando n'kukhala pafupi nane.

"Amayi, mwana sayamwa nsonga, amayamwa bere," anatero. "Mkaka muli nawowu ngwokwanira mapasa."

Anandiphunzitsa kufinyira mkaka m'kapu yoyera kuti bere lifewe, n'kumamumwetsa mwana pang'onopang'ono. Anatenga sirinji yatsopano yopanda singano, n'kuidula kutsogolo, kuti ndizikokera nsonga kunja ndisanayambe kuyamwitsa. Anandionetsanso kudikira kuti mwana atsegule kamwa ngati akuyasamula, ndiye n'kumulowetsa mbali yakuda yonse ya bere.

Musaganize kuti zinatheka tsiku limodzi. Mwana anali atazolowera botolo, ankakana bere, akuponya timiyendo. Nsonga zinang'ambika, ndinkaluma chitenje ndi ululu. Amayi a bedi loyandikana ndi langa ankandimvera chisoni, akuti ndikudzizunza chabe. Amuna anga anatilondola panjinga, ndipo atandipeza ndikulira anandipempha kuti ndisiye, agulitsa mbuzi agule zitini zina. Ndinawakanira. Ndinati chitini chandionetsa kale manda, bola ndife ndi ululu ine.

Masana ena, tikusewera pa kapinga kunja kwa wodi, mwana anatsegula kamwa ndipo ndinamulowetsa bere monga mwa masiku onse. Ulendo uno sanalavule. Ndinamva kukoka kuchokera kumsana, kenako ndinamumva akumeza kuti gudyu, gudyu. Anayamwa mpaka kugona, mkaka ukutsetsereka patsaya. Ndinkaopa ngakhale kupuma.

Tinabwerera ku Nathenje mwana akuyamwa mabere onse awiri. Mlandu wa amuna anga unangozirala wokha, poti mwana wotsemphedwa uja anali akunenepa anthu akuona. Botolo ndinaliponya m'chimbudzi ndi manja anga. Apongozi anga anabwera okha kudzakhala pakhonde langa, n'kunena kuti, "Mwana wanga, tinakulakwirani." Mwanayo anayamwa mpaka atayamba kuthamanga. Pambuyo pake panabwera atatu ena, ndipo amenewo sirinji sanaidziwe n'komwe. Ndinkayamwitsa paliponse, kutchalitchi, pamaliro, pamsika wa Mitundu, mutu uli m'mwamba. Woyamba uja lero ndi chimunthu, amasenza yekha belo la fodya, ndipo ali ndi ana ake.

Inu atsikana amene muli ngati ine, musabise. Mukangoima, kaonetseni kusikelo kuti akakukonzekeretseni mwana asanabadwe. Khanda likakanika kuyamwa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuti liwombo lilowe. Inu apongozi ndi azilamu, mayi wachikuta akavutika, khalani naye pansi mumuthandize m'malo mofufuza wolakwa. Ndimadandaula masabata amene mwana wanga anavutika chifukwa chokhala chete kwanga. Koma za mabere angawa sindidandaula ayi. Alera anthu anayi, ndipo nsonga zake mpaka lero n'zolowa.