A Nsapato ndi Thabwa la Mabatani Asanu ndi Awiri

Ku Balaka, m'zaka zija khadi la chipani linkafunsidwa ngakhale pachipata cha msika, ukangoti "a Nsapato" aliyense ankadziwa kuti ukunena a Blasius Nampota. Eni ake dzinali ankalikonda. Anakulira ku Utale akuponda minga ndi mapazi osavala, zidendene zili ming'aluming'alu yoti n'kubisamo tambala, ndipo anzawo kusukulu ya mishoni ankawaseka nazo. Nsapato yoyamba anaivala ali ndi ndevu kale, kumigodi ya ku Joni. Chibwerere kumeneko palibe anaonanso chala chawo cha kuphazi, kupatula akazi awo a Scholastica.

Ku Joniko anabwerako ndi zinthu ziwiri zolozeka. Choyamba chinali nsapato zakuda, zazikulu, za soli yokhuthala ngati buledi. Kunyumba sankazivala poopa kuzitha. Zinkakhala pamwamba pa kabati zitapolishidwa, mwini wake akuyenda chosavala chitseko chili chotseka. Chachiwiri chinali kiyibodi yoyendera batire, chida chomwe anthu a kuno anali asanachizolowere. Dzanja lamanja linkaimba nyimbo. Lamanzere likangodina kiyi imodzi, m'katimo munkatuluka besi ndi magitala, ndipo batani lina linkadzutsa ng'oma. Munthu mmodzi ankamveka ngati anthu asanu.

Motero a Elliam, mwini sipika ndi batire ya galimoto, anawatenga kuti aziimba nawo m'maukwati, kuyambira ku Balaka mpaka ku Liwonde. Pakati pa sabata a Blasius ankagwira ntchito pachigayo, koma moyo wawo weniweni unali Loweruka. Akakhala kuseri kwa kiyibodi, taye ili pakhosi, nsapato zikunyezimira kunsi, ankaiwala kuti anali mwana wa ming'alu uja.

M'chaka cha 1989 lamba wa chigayo anawagwira dzanja lamanzere. Kuchipatala analidula pamfundo. Ntchito ya pachigayo inathera pomwepo, ndipo ngakhale zingwe za nsapato anayamba kuwamangira ndi a Scholastica. Bala litapola anayesa kuimba ndi dzanja limodzi, koma nyimbo inkatuluka yowonda, yopanda besi, yoti ngakhale woledzera sangavine.

A Elliam sanali munthu woipa, kungoti anali ndi maukwati owadikira.

"Achimwene, tisanamizane," anatero tsiku lina atakhala pakhonde. "Kuli mnyamata wamkulu ndithu, Wadson, manja ake ndi awiri ndipo akuphunzira msanga. Mungomubwereka chidachi, inu muzipuma."

"Iyayi," anayankha a Blasius. "Mundipatse mwezi umodzi."

"Mwezi wamawa kuli ukwati wa mwana wa mlongo wanga ku Liwonde. Zikakakanika kumeneko, musadzandide."

Amene anawauza za Che Sufiyani anali kondakitala wa basi. Che Sufiyani anali wokonza mawailesi ku Ntaja, bambo wamfupi, wa kofia yoyera, wosakonda kulankhula. Kanyumba kawo ka ntchito kanali kuseri kwa msika, ndipo popeza ankaswaliramo nthawi ikakwana, pansi ponse panali mkeka. Nsapato zinkatsala pakhomo, kaya ndi za mfumu, kaya za wapolisi. A Blasius anaima pakhomopo kanthawi, nayang'ana uku ndi uku. Ataona kuti wa ku Balaka palibe, anavula.

Che Sufiyani anatsegula kiyibodi ija kumimba, naiyang'ana nthawi yaitali.

"Kiyi iliyonse ndi mawaya awiri ofuna kukhudzana, basi," anatero. "Chidachi sichidziwa kuti wachidina ndi ndani. Nyimbo zanu zimafuna makiyi angati a kumanzere?"

A Blasius anawerenga m'mutu. "Asanu. Kuphatikiza batani loyatsa ng'oma, ndi lina logubuduza ng'oma nyimbo ikamakhota."

"Asanu ndi awiri. Phazi lingathe."

Anatenga thabwa la mbawa lotsala pa chitseko. Mabatani anazula m'mawailesi a kaseti akufa, omwe anali mulu pakona. Masipuling'i anachotsa ku zopanira zovala za akazi awo, a Sakina, omwe anadandaula sabata yathunthu. Chitsulo chowotcherera ankachitenthetsa pa mbaula ya makala, n'kumalumikiza waya mmodzimmodzi kuchokera pansi pa makiyi kukafika pathabwa. Akamaliza batani limodzi ankaliyesa ndi chala chawo chachikulu cha kuphazi, ali chikhalire pamkeka. Mabataniwo anawaika mothithikana kuti phazi lisamayende mtunda, chidendene chizingokhala pamodzi, zala n'kumasankha.

A Blasius anapita ku Ntaja katatu. Poyamba ankayesa atavala sokosi, koma zinkaterera, ndiye anavulanso sokosizo. Atabwera nalo thabwa kunyumba anaphunzira masana onse kwa masabata awiri, chitseko chotseka, nsapato zili pakabati monga mwa masiku onse. Phazi lamanja linagwira makiyi asanu aja, lamanzere ng'oma. Besi itabwerera koyamba, a Scholastica anasiya kusinja panja, nalowa, nalira osabisa.

Anthu awiri anzeru, wina wodziwa mawaya, wina wodziwa nyimbo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizako kuti kuukwati munthu amapita atavala nsapato.

Tsiku la ukwati holo ya ku Liwonde inadzaza mpaka m'mawindo. Dzuwa linali la mu Okutobala. A Scholastica anali atawamangira zingwe mwamphamvu m'mawa, nsapato zikuwala ngati galasi. Wadson uja anabweranso, ati kudzathandiza kunyamula sipika, koma anaima pafupi kwambiri ndi kiyibodi. Akwati ndi operekeza awo anandanda pakhomo kudikira nyimbo yolowera. A Elliam anakweza dzanja.

A Blasius anaponda batani la ng'oma. Soli ija inaponda awiri, ng'oma zinagubuduka n'kuzima. Anapondanso. Zinadzuka, koma phazi lamanja litafuna kiyi yoyamba linadina zitatu nthawi imodzi, ndipo sipika inabuula ngati ng'ombe yokana goli. Operekeza akwati, omwe anali atayamba kale sitepe, anagundana. Kumbuyo kwa holo kunabuka chiseko. Anayesa kachitatu ndi nsonga ya nsapato, koma m'kati mwa chikopa chokhuthalacho phazi silinkamva kuti batani lili pati.

A Blasius anadzutsa mutu. Anaona a Elliam akukodola Wadson ndi maso. Pamenepo a Blasius anadziwa chomwe chalakwika, ndipo anadziwanso mankhwala ake, koma mtima unawawa kwambiri. Kutsogoloku kunakhala aphunzitsi, akuluakulu a chipani, ndi anthu a ku Utale omwe ankawadziwa kuyambira ali mwana.

"Tapumani, achimwene," ananong'ona a Elliam. "Wadson agwirizire."

"Dikirani."

Kumanga chingwe kumafuna manja awiri, koma kumasula limodzi limakwana. Anawerama, nakoka chingwe chakumanja, kenako chakumanzere. Anavula nsapato, navula sokosi, holo yonse ikuona. Mapazi anatuluka otuwa, otambalala, zipsera za ming'alu yakale zili poyera.

"Ee, a Nsapato avula!" anakuwa mayi wina wa ku Utale, anthu n'kusekanso.

Chala chachikulu chinapeza batani lake chokha. Ng'oma zinadzuka, besi inalowa pamalo pake, dzanja lamanja linayamba nyimbo. Pofika pokhota, phazi lamanzere linagubuduza ng'oma mwaukhondo moti mayi yemwe uja ndi amene anayamba nthungululu. Akwati analowa akuvina. A Blasius anaimba maola atatu osayang'ana munthu kumaso, manyazi ndi chimwemwe zikulimbana m'chifuwa. Wadson anabwerera kukakhala pafupi ndi batire. Nyimbo yachitatu ili m'kati, a Elliam anatola nsapato zija pansi kuti ovina asazipondeponde, nazipukuta ndi mpango wawo, naziika pamwamba pa sipika.

Nkhaniyi inafika ku Ntaja mwini wake asanafike. Atapitako sabata yotsatira, anapeza Che Sufiyani atadula kale thabwa lina lalitali.

"Kulakwa n'kwanga," anatero Che Sufiyani. "Ndinapangira phazi langa, ndinaiwala kuti inu mumavala. Ili nditalikitsa mabatani, muziponda ndi nsapato zanu."

A Blasius analiyang'ana thabwa latsopanolo, nayang'ananso mapazi awo pamkeka.

"Iyayi, Che, lisiyeni lakale lomwe lija. Nsapato siimva batani. Mapaziwa ndawabisa zaka khumi ndi ziwiri ndikuchita nawo manyazi, koma dzanja litapita ndi omwewa anavomera kugwira ntchito yake."

Anaimba m'maukwati zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo dzina la a Nsapato silinachoke. Loweruka lililonse a Scholastica ankawamangirabe zingwe, iwo n'kuyenda monyadira mpaka muholo. Akafika ankamasula okha, n'kuika nsapato pasipika, anthu akuona.