Tsiku limene amayi anafunditsa makina chitenje

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anachoka nane ku Angónia kubwera ku Tete, kutsatira mbiri ya malasha a ku Moatize. Bambo anali atamwalira. Chuma chathu chonse chinali makina osokera opalasa ndi mwendo, amene tinawaika pakhonde la kanyumba ka lendi ku Matundo. Koma atelala anali mbwee, ndipo amayi ananeneratu kuti chaka chikatha zinthu zili chomwecho tibwerera kumudzi. Ine ndinkadziwa kuti kumudziko kukundidikira khasu ndi ana a azakhali oti ndizilera, osati sukulu.

Mwayi unabwera m'chilimwe. Mkulu wina wa kakampani konyamula malasha anabweretsa majekete a mvula a pulasitiki kuti amayi asokerepo fita, timalamba tonyezimira tija timene timaonetsa wantchito galimoto ikamuwalitsa. Anati akawasoka bwino, zovala zonse za anthu ake zizibwera kwathu. Akalephera, apita nazo kwa wina.

Pulasitiki uja anali wamwano. Ndi dzuwa la Tete lija ankafewa n'kumamatirira kukaphazi ka makina kopanikizira nsalu, jekete osayenda, ulusi n'kumangounjikana pamodzi. Amayi anapakapo mafuta, jekete linathimbirira. Anakoka ndi manja, singano inathyoka. Anakhala pamenepo masiku, thukuta lili kamukamu, ine ndikuwakupiza ndi katoni.

Tsiku loti mawa mwini wake abwera, amayi anaimirira, n'kufunditsa makina chitenje.

"Vala nsapato, Zita, tikaone madzi."

Ndinapsa mtima zedi. Ndinawafunsa ngati sukulu yanga ili m'madzimo, mawu amene tsiku lina akanandidyetsa khofi. Iwo anangoti mutu wawo wamatirira ngati jeketelo, ndipo kuupanikiza n'kuthyola singano ina.

Tinayenda wapansi pamlatho woolokera mtsinje, ine m'mbuyo nditatupa. Malole ankagwedeza pansi, fumbi lakuda likulowa m'maso, koma kamphepo ka Zambezi kanali kozizira bwino. Amayi sanatchule za jekete ngakhale kamodzi. Ankandionetsa mabwato, n'kumaseka mbuzi imene inakana kutsika panjinga. Ine ndinkangoti anthu akuluakulu nawonso amapenga.

Titaoloka n'kufika pamsika anandigulira bolo, kakeke kamene mayi wina wolankhula Chinyungwe ankaphikira m'zitini zoyalamo pepala. Ndinasenda pepalalo mwaukali kuti nditaye, koma amayi anandigwira dzanja. Anafunsa mayi uja chimene amayalira pepala, ndipo iye anadabwa n'kuyankha kuti kupanda kutero bolo amamatirira kuchitini. Amayi anavula patapata wawo, n'kuyendetsapo chala: chinakakamira. Anaikapo pepala lija n'kuyendetsanso: chinangotsetsereka. Kenaka anaseka chikhakhali pakati pa msika, nsapato ili m'manja.

"Thamanga, mwanawe, tikwere shapa, kaminibasi ako!"

Kunyumba anayala pepala lopyapyala lokulungira buledi pamwamba pa fita, n'kupalasa. Makina amene anakhala akutsamwa masiku onse aja anathamanga waa, mpaka kumapeto kwa mkono wa jekete. Ntchito yanga inali kung'amba pepalalo, ndipo pansi pake msoko unali wowongoka bwinobwino. Ndinavina pakhondepo ndi jekete kumutu mpaka aneba anatuluka. Mawa lake mkulu uja anakokakoka fita, osasosoka, ndipo sabata yotsatira anabwera ndi matumba a maovololo. Ku Angónia tinkangopitako kukacheza.

Lero ndimajambula mapulani a nyumba mumzinda womwewu. Zikandikanika ndimatseka kompyuta n'kutuluka, ndipo achinyamata a muofesi amayang'anizana, kuganiza kuti bwana watopa nayo ntchito. Sindiwadzudzula, poti nanenso ndinkayesa kuti amayi akuthawa. Ndinazindikira mochedwa kuti pamlatho paja anali akusokabe, kungoti makina anawasiya pakhonde.